Guluu Sasungunuka M'manja Ozizira

Ntchito yanga ndi ya zikhadabo. Ndimagwirira m'kasaluni kena kuseri kwa msika wa Balaka, pakona pamene anzanga oluka tsitsi anandisiyira. Ndili ndi tebulo limodzi, mipando iwiri, beseni ndi kabati ya zida. Kwathu ku Utale mpaka lero amandiseka kuti ndinathawa khasu n'kukagwira zala za anthu. Ndinasiya kuwayankha, chifukwa akabwera m'tauni ndi omwewo amene amandiyalira manja patebulo kuti ndiwakonze mwaulere.

Ndinaphunzira ntchitoyi kwa mayi wina wovuta wa ku Zomba. Asanakulole kugwira kabulashi ka kyutekisi, ankayamba wakukhazika pansi n'kukuonetsa chala chake. Ankati chikhadabo chimene timaona pamwambachi n'chakufa, n'chifukwa chake ukachiwenga sumva kuwawa. Chamoyo ndi kamnofu kofiira kamene chikhadabocho chagonapo. Kutsinde kuli kamwezi koyera, ndipo kuseri kwa kamweziko, pansi pa khungu, kuli muzu umene umabala chikhadabo n'kumachikankhira kunsonga pang'onopang'ono. Kakhungu kopyapyala kotchinga kutsindeko ankakatcha chitseko. Ukakadula ndi lezala ndiye kuti watsegulira matenda, choncho ankatiuza kuti tizingokakankha ndi kamtengo. Nelikata ndi tizitsulo tonse tinkatsuka ndi sopo, kuwiritsa, kenako kupukuta ndi spiliti munthu wina asanakhale pampando. Fayilo yopalira, aliyense yakeyake.

Ukali umenewu ndinautengera wonse. Pali azimayi amene anandithawa ati ndimachedwa, ati ndimawiritsa zida ngati ndikuphika nyemba. Apite. Ena mwa iwo anabwerera zala zitatupa mafinya, ndipo sindinawabisire kuti ndinawauza.

Mtsikana amene ndikufuna kunena za iye sanali kasitomala wanga. Ankagulitsa mpunga. Ankautenga kwawo, kupitirira Ntaja m'boma la Machinga, ndipo masiku a msika ankayala thumba lake pamthunzi wa khonde lathu. Anali Msilamu, Myao, wamng'ono kwa ine, wapakamwa kwabasi. Makasitomala akasowa ankasuzumira pakhomo n'kumandifunsa ngati achemwali a zikhadabo agwira nyama lero kapena misampha yagona. Ine ndinkamubwezera kuti mpunga wake uli ndi miyala yokwanira kumangira khitchini. Tinazolowerana motero mpaka tinkadyera mbale imodzi masana.

Ankakonda kuonerera ndikugwira ntchito, koma kyutekisi sankapaka. Nditamufunsa anandifotokozera za kutawaza, kusamba kumene Asilamu amachita asanaswali. Madzi amayenera kukhudza khungu ndi chikhadabo chenicheni, ndipo chilichonse chouma pamwamba pake chimawatchinga. Chololedwa ndi hina, masamba amene amasinja n'kumata pazala kuti zifiire. Hina imalowa m'chikhadabo momwemo, siikhala pamwamba, ndiye madzi amadutsa. Mayi ake anali ndi kamtengo ka hina kuseri kwa nyumba, ndipo mtsikanayo anali mwana wawo yekhayo wamkazi.

Chaka china mvula itayamba anandiuza kuti akukwatiwa. Mwamuna wake anali ndi golosale ku Liwonde, ndipo alongo ake a mwamunayo anali anthu a m'tauni, a mafoni akuluakulu. Tsiku lina anamuyang'ana manja n'kuyang'anana. Iye anamva kuti akumunyoza. Kutatsala masiku ochepa kuti ndowa ichitike, umene ndi ukwati wa Chisilamu, anabwera ku Balaka kudzagula zotsala. Anakhala pampando wanga koyamba m'moyo wake n'kuyala manja patebulo. Zikhadabo zonse zinali zofiira bii ndi hina yatsopano. Anati akufuna zikhadabo zomata, zazitali, zapinki, zonga zimene ndinamata namwino wina sabata yapitayo.

Ndinakana. Ndinamufunsa za swala, ndinamufunsa za mayi ake. Iye anati n'za ndowa yokha ndi zithunzi, pambuyo pake abwera ndidzachotse, Mulungu sangamukwiyire chifukwa cha masiku ochepa. Ndinamuuza kuti zomatazi sizifuna kukhalitsa, madzi akalowa pansi chikhadabo chimabiriwira n'kuwola. Anavomera zonse ngati mwana amene maso ali kale pa switi. Mapeto ake ndinagonja, chifukwa ndinaona kuti ndikakana apita kwa anyamata oyenda ndi zikwama kudepoti, amene fayilo imodzi imazungulira tauni yonse.

Ndisanamate ndimayenera kupala pamwamba pa chikhadabo kuti guluu agwire. Nditangoika fayilo anabweza dzanja.

"Musapale kwambiri, achemwali. Amayi ndiwo andipaka, masamba anasinja okha. Ingophimbani, koma ikhale momwemo."

Ndinamuuza kuti hina siichoka ndi kupala pang'ono, koma ndinapepuza dzanja kuti mtima wake ukhale pansi. Nditamaliza anatambasula zala n'kumaziyang'ana, kuseka kosatseka pakamwa. Anayesa kumanga chikwama chake n'kulephera, ndinamumangira ndine.

Ku ndowa sindinapite. Linali Loweruka, tsiku limene ife timadya. Koma ananditumizira mawu pafoni. Zithunzi zinatuluka bwino, alamu ake anayamikira. Vuto linali mayi ake. Ataona manjawo anangoti mwana wawo wapala hina yawo n'kuikapo mapulasitiki a m'tauni, wawachititsa manyazi pamaso pa azimayi a ku mzikiti. Iye anayesa kufotokoza koma iwo anati safuna kumva. Ndowa yonse sanamuyankhule. Ponyamuka kupita ku Liwonde anakawagwadira kutsazika, iwo anangoyang'ana kumbali. Ankanena zimenezi akuseka, koma kuseka kwake sikunali kwa pakhonde pathu paja.

Ndinamuuza kuti abwere msanga ndichotse, akawaonetse okha. Anati sabata yamawa. Sabata yamawa ija mvula inagwa, kenako apongozi anati mkwatibwi sayendayenda, kenako mwamuna wake anati zikumukhala, zikhaleko pang'ono. Uthenga womaliza anati mutu ukumupweteka. Ndinamuyankha zachibwana, ndinati ndi ukwati umenewo.

Mwezi usanathe, m'mawa wina ndikusesa pakona panga, foni inalira ndi nambala yake. Ndinayankha ndikumunyogodola kale, koma mawu anali a munthu wina. Anati ndi mayi ake aang'ono. Anati mwana watisiya mbandakucha, malungo anakwera kumutu, thupi lafika kale kumudzi. Ndinakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Sanandipatse mpata wolira. Anati azimayi osambitsa maliro aima, sangasambitse munthu zikhadabo zake zili zophimbika, chifukwa madzi omaliza nawonso ayenera kufika paliponse. Ayesa madzi otentha, zakanika. Wina wayesa mpeni, chikhadabo chenicheni chayamba kuzuka. Ndipo ayenera kuikidwa lero lomwe, dzuwa lisanalowe.

"Munamata ndinu," anatero. "Bwerani mudzamatule."

Ndinatenga botolo la asetoni, mankhwala amene amasungunula guluu, ndi thonje, foyilo, fayilo yatsopano ndi timitengo. Kenako ndinapezeka ndaika tizitsulo tanga m'poto pambaula. Mnzanga wina woluka tsitsi anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndikuopa kumupatsa matenda anji munthu amene wapita kale. Ndinamukalipira koopsa, ngakhale sanalakwe. Ndinadikira mpaka madzi anawira, ndinapukuta ndi spiliti monga mwa masiku onse, ndipo ndi pamene ndinatseka kabati.

Ulendowo sindiukumbuka bwino. Minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Ntaja, kenako njinga yamoto m'matope. Njira yonse ndinkangoyang'ana dzuwa. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali wokwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Mwina alamu ake aja, mwina mwamuna wake, mwina iye mwini chifukwa cha sabata yamawa yake ija.

Titafika ndinapeza abambo atakhala pansi pa mtengo wa mango, chithatha chonyamulira maliro chitatsamira pakhoma. Manda anali atakumba kale. Onse ankadikira ine, ndipo palibe amene anakondwa kundiona. Ndinali nditafunda chitenje kumutu, koma kolona wanga m'khosi ankaoneka. Azimayi a pakhonde anayamba kunong'onezana m'Chiyao. Chiyao ndimamva pang'ono, chokwanira kudziwa kuti ankafunsana ngati Mkhristu angalowe m'chipinda cha maliro, komanso kuti ndine amene ndinamuwononga mwana. Amene anathetsa nkhaniyo ndi mayi wina wamkulu, wowonda, amene ankatsogolera osambitsa. Anati ine sindinabwere kudzasambitsa, ndabwera kudzatsegulira madzi njira. Anandisambitsa m'manja n'kundilowetsa.

Anali atamugoneka pamphasa, atamufunditsa nsalu thupi lonse, manja okha ali panja. Ndinathokoza mumtima kuti sindiona nkhope. Mayi ake anakhala pakona atayang'ana kukhoma. Ndinawapatsa moni wa pamaliro, sanayankhe. Mayi aang'ono aja anandinong'oneza kuti chifikire thupi sanaliyandikire, ndipo sanalire.

Ndinagwada n'kutenga dzanja lamanja. Pinki uja anali akuwalabe ngati ndamata dzulo. Chala chamkombaphala ndi chimene anayesa ndi mpeni, chikhadabo chinali chitatukuka mbali imodzi, kamnofu ka pansi kakuoneka, koma magazi sanatuluke. Zinandipweteka ngati chala changa. Ndinapala pamwamba pa zomatazo kuti mankhwala alowe, ndinanyowetsa thonje, ndinakulunga chala chilichonse ndi foyilo, manja onse awiri. Fungo la asetoni linadzaza chipinda, azimayi anatseka mphuno ndi zitenje. Ndinawapempha kuti achotse mbaula imene inali pakhomo, chifukwa mankhwalawa akaona moto amayaka.

Tinadikira nthawi imene ndimadikira ndi munthu wina aliyense. Nditatsegula chala chimodzi, guluu anali gwa, ngati sindinachite kanthu. Ndinawonjezera mankhwala, tinadikiranso. Chimodzimodzi. Kunja bambo wina anatsokomola pafupi ndi zenera n'kunena kuti ashehe akufunsa, dzuwa lapendeka. Mayi wa mpeni uja anati ankanena, zinthu za m'taunizi n'zausatana, angozizula basi, wakufa samva kuwawa.

Zaka zonsezi ndinali ndisanaganizepo kuti n'chifukwa chiyani m'nyengo yozizira zikhadabo zomata zimachedwa kuchoka, ndinkangouza makasitomala kuti aike manja m'khwapa. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira. Mankhwala sagwira ntchito okha, amathandizidwa ndi kutentha kwa chala. Ndipo zala izi zinali zozizira ngati mtsuko.

Ndinafotokozera mayi wamkulu uja. Moto sitingayandikize, nsalu yonyowa ingasukulutse mankhwala. Chotsala ndi manja a anthu. Ndinakulunganso, ndinatenga dzanja lamanja n'kulifumbata m'manja mwanga, ndinaliika pamiyendo panga n'kuphimba ndi chitenje. Lamanzere linatsala pamphasa. M'chipindamo munali azimayi okwanira, aliyense akanatha kuligwira. Mayi aang'ono anali atayamba kale kusendera. Koma mayi wamkulu uja anawaletsa ndi dzanja n'kutembenukira kupakona. Anaitana mayi a mwanayo, anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, mlendoyu sangathe yekha.

"Manja amenewo si amene ndinabereka ine," anayankha osacheuka.

Mayi wamkuluyo sanatsutse. Anangoti ngati zili choncho tidikira, ndipo dzuwa likalowa mwana agona pamphasa pano osasamba, manda ali kukamwa. Anakhala pansi n'kupinda manja. Ndinkamva abambo kunja akusuntha mipando kutsata mthunzi. Ndinakwiya ndi mayi wamkulu uja, ndinkaona ngati akusewera ndi nthawi imene tinalibe, koma ndinali mlendo, ndinatseka pakamwa.

Kenako ndinamva mphasa ikukhwekhwereza. Mayi aja anasendera chokhala, nkhope atatembenuzira kumbali. Anapapasa mpaka anapeza dzanjalo. Atalikhudza anadzidzimuka, ndikuganiza kuti ndi kuzizira kuja. Analigwira kaye ndi nsonga za zala ngati chinthu cha eni. Kenako analikokera pansi pa bulauzi, pamimba pawo, n'kulikumbatira ndi mikono yonse. Tinakhala choncho, iwo mbali iyo, ine mbali ino, mwana ali pakati.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Miyendo yanga inachita dzanzi. Nditatsegula chala chaching'ono cha dzanja limene ndinafumbata ine lija, guluu anali atafewa ngati phala. Ndinakankha ndi kamtengo, chomatacho chinasendeka chokha. Ndinachita chimodzichimodzi, mosamala kwambiri pa chala chovulala chija, ndinapukuta ndi thonje loyera. Azimayi amene anali mbali yanga anaona zimene zinali pansi. Anangoyang'anana. Mayi a mwanayo anali atatsinzina.

Ndinawapempha dzanja linalo. Analitulutsa, koma sanalisiye, analigoneka pachikhatho chawo kuti ndigwirire ntchito pomwepo. Linali lofunda kuposa limene ndinagwira ine, ndipo zomata zake zinachoka mosavuta. Nditapukuta chala chachikulu ndinamva mpweya wawo ukusintha. Anali atatsegula maso.

Hina inali pomwepo. Yofiira, yoderako pang'ono, pa zala zonse zisanu.

Anaweramira pafupi. Anapukuta chikhadabo chimodzi ndi chala chawo, ngati akufuna kuona ngati ndi utoto wanga. Anafunsa, osayang'ana munthu aliyense, ngati imeneyi ndi yawo ija. Ndinati eya. Ndinawauza zimene ananena tsiku lija patebulo langa, mawu ake enieni, kuti ndisapale kwambiri chifukwa amayi ndiwo anamupaka, ndingophimba koma ikhale momwemo. Ndinawauzanso kuti ankafuna kubwera kuti ndichotse, adzawaonetse. Za sabata yamawa ija sindinanene.

Mayi wamkulu uja anati hina siitchinga madzi, mwana apita nayo. Anayamba kukonza zidebe za madzi ndi nsalu, anandiuza ndi maso kuti ntchito yanga yatha. Ndinatolera mafoyilo ndi tizidutswa tapinki tija m'kajumbo. Koma mayi a mwanayo anandigwira chitenje. Anandilozera kutsinde kwa chikhadabo. Pakati pa kakhungu ndi pamene hina imayambira panali kampata koyera, kopanda hina, kopyapyala ngati kambewu ka mpunga. Anafunsa ngati pamenepo ndi pamene ndinapala.

Ndinati iyayi, sindinapale. Ndinawafotokozera monga anandiphunzitsira mayi a ku Zomba aja, kuti chikhadabo chimabadwira kumuzu n'kumasendera kutsogolo, hina n'kumasendera nacho. Kampata kameneko ndi chikhadabo chatsopano, chimene chinamera kuchokera tsiku limene anamupaka mpaka usiku wathawu.

Anakayang'ana kwa nthawi yaitali. Anaika chikhadabo chawo pambali pake ngati akuyeza.

"Ndiye masiku onse amene sindinamuyankhule ndi awa?"

Kampatako kanali kakang'ono kwambiri moti munthu woima sakanakaona. Anaika dzanjalo pakamwa pawo, ndipo kulira kumene anakusunga chiyambire mbandakucha kunatuluka, mpaka abambo kunja anasiya kuyankhula. Osambitsa anaima ndi madzi awo m'manja. Ngakhale mayi wamkulu uja, amene ankathamangitsana ndi dzuwa, anawasiya alire kaye.

Ine ndinatuluka. Anamuika dzuwa likadalipo. Kumanda azimayi sapita, choncho ndinakhala pakhonde ndi anzanga osandidziwa aja, ndipo mmodzi wa iwo anandisunthira pamphasa kuti ndikhale bwino. Manja anga ankanunkha asetoni. Ndinawasamba ndi sopo kangapo konse, koma kuzizira kuja kunatsalira m'zikhatho mpaka ndinakafika ku Balaka.